Ndikufuna kuyamba kusaka ndi ana anga koma ineyo sindinasakepo, ndiyambire pati?

BamboWaAtatu:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ine ndinabadwira ndi kukulira m'tawuni, ku Lilongwe konkuno, ndipo za kutchire sindidziwa kalikonse. Mayi a kunyumba kwawo ndi ku Dedza, ndiye tagwirizana kuti holide ya August ana akakhale kumudzi, nanenso ndatenga tchuthi kuntchito. Mnyamata wamkulu ali ndi zaka 12, mtsikana 9, chitsirizira 6. Wamkuluyo sakundipatsa mpata, tsiku lililonse adadi tikasake, adadi tikasake, poti anzake kusukulu amamusimbira za agalu ndi akalulu. Sindikufuna kungowatumiza kwa ena ine n'kukhala pakhonde, ndikufuna ndipite nawo. Ndiye munthu wamkulu wosadziwa kanthu amayambira pati? Ndigule mfuti yampweya ija yowombera mbalame? Malamulo amati chiyani? Nanga wamng'onoyo ndimutenge kapena atsale ndi agogo ake?

Kapuku_Wonona:
Khasu, achimwene. Gulani khasu. Mfuti ya chiyani?

Chigayo77:
Kkkkk munthu sanazingepo ndi nkhuku yomwe koma akufuna mfuti. Apongozi akonzeretu maliro a mbuzi zawo.

BamboWaAtatu:
Nkhuku ndimazinga ine a Chigayo, musandichepetse choncho.

GaluWamkota:
A BamboWaAtatu, osekawo asiyeni aseke, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndakalamba ndi khasu kuno ku Mchinji, ndiye ndikuuzani mosapsatira. Simungaphunzitse ana chinthu chimene inuyo simukuchidziwa. Mukafika kumudziko, choyamba pezani munthu woti akutsogolereni nonse. Kwathu kuno mnyamata ankaphunzira ulenje kwa atsibweni ake kapena kwa anzake okulirapo kubusa, poti bambo ake amakhala mkamwini, watanganidwa ndi munda wa apongozi. Alamu anu alipo? Ngati alipo nkhani yatha. Muwatengere shuga ndi sopo, muwauze kuti ndabwera kudzaphunzira pamodzi ndi ana a mlongo wanuwa.

Ndipo yambirani pa mbewa. Mwezi wa August chimanga chakololedwa, mtedza wakumbidwa, minda ili mbee, mbewa zanona ndi zotsalira. Zonse zimene mlenje wa nyama zikuluzikulu amachita zili momwemo: kuyang'ana pansi, kudekha, kugawana ntchito, kusiyanitsa phazi la usiku wathawu ndi la sabata yatha. Una wamoyo umadziwika ndi dothi latsopano pakhomo, tinjira tosalala tolowera m'udzu, makoko a mtedza otafunidwa, ndi timapazi pafumbi mukalawirira dzuwa lisanakwere. Una umene kangaude walukapo ukonde ndi bwinja, musatayirepo thukuta.

Phanya, mtundu wina wa mbewa, amakumba una wautali wokhotakhota, ndipo amasiya pothawira pena pobisika, pa mbuli. Musanagwetse khasu, mwana mmodzi azungulire apeze pamenepo, aimepo ndi kachibonga. Wokumba alowetse kamtengo kofewa mu una, kuti dothi likagumukira njira isasowe, n'kumakumba motsatira kamtengoko. Mukaona udzu wouma wosanjikizana mwayandikira, uzani ana akhale tcheru chifukwa zimatuluka balalabalala. Kapuku ndiye wosavuta, nyengo yozizira amangogona atanona, sathamanga n'komwe.

Chinthu chimodzi chokha muwauze ana mobwerezabwereza mpaka atope nacho: mkono sulowa mu una.

Namwino_waUsiku:
Madala anena zoona pa za mkonozo, ndipo ndiwonjezere poti ife ndi amene timawalandira anawo. Mauna akale ndi zulu ndi nyumba za njoka. Mphiri ndiyo yoopsa kwambiri kwa ana chifukwa sithawa, imangogona phee m'mapesi kapena pakanjira, mwana n'kuiponda. Avale majombo kapena nsapato zotseka ndi mathalauza, masilipasi atsale pakhomo. Mulu wa mapesi muziyamba mwautembenuza ndi mtengo wautali.

Zikavuta wina walumidwa, osatema pabalapo, osayamwa, osamanga chingwe cholimba, osathirapo palafini kaya mankhwala a m'botolo la agogo. Muvuleni mphete kapena chibangili malowo asanatupe, mwendo kapena mkonowo usagwedezeke, mumunyamule asayende yekha, ulendo kuchipatala. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Ndipo musanapite kutchire dziwani kuti chipatala chapafupi chili kuti, nambala ya wakabaza wa njinga yamoto ikhale m'foni.

Mbewa imene mwaipeza itafa yokha isiyeni pomwepo. Utitiri wa makoswe ndi mbewa ndi umene umafalitsa mliri wa makoswe, uja unavuta ku Nsanje mu 1997 ndi 2002. Si matenda a tsiku ndi tsiku, koma sopo ndi wotchipa kuposa bedi lachipatala, ana asambe m'manja akatha kutumbula.

Chigayo77:
Ife tinakula tikupisa mikono m'mauna ndipo zala zilipo khumi mpaka lero.

Namwino_waUsiku:
Amene zala zinatsala zisanu ndi zitatu salemba pagulu pano, a Chigayo.

Mlonda_waThengo:
Funso la malamulo lija palibe waliyankha. Ndinagwirako ntchito yoteteza nyama ndisanapume, ndiye ndinenepo. Nyama zakutchire kuno zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017. Kuchokera pamenepo, nyama zimene zili pa mndandanda wapamwamba, monga njovu, chipembere, mkango, kambuku ndi ngaka, munthu akapezeka nazo, kaya ndi mnyanga, chikopa kapena mamba, chilango chimatha kufika zaka 30 kundende. Ngakayo ndaitchula dala. Ndi nyama yofatsa, ikaona munthu imangodzipinda, mwana akhoza kuinyamula n'kubwera nayo kunyumba akusekerera. Muwaonetse chithunzi chake musananyamuke. Akaiona aisiye, inu mudziwitse a nthambi ya zanyama zakutchire kapena apolisi. Anthu ambiri ali m'ndende chifukwa wina anawanong'oneza kuti pali ogula.

M'mapaki ndi m'malo osungira nyama, kaya ndi Kasungu, Liwonde, Lengwe, Nyika, Majete, Nkhotakota, Vwaza kapena Mwabvi, musalowemo ndi galu, legeni kapena msampha. Poti inu mukupita ku Dedza, nkhalango ngati Chongoni, phiri la Dedza ndi Dzalanyama ndi za boma, zili pansi pa nthambi ya zankhalango, si tchire la aliyense. Gwape kapena mbawala, ngakhale mwaipeza kunja kwa paki, si yongopha, pamafunika chiphaso. Mbalame nazo zili ndi chiphaso chake.

Za mfuti, mapepala ndi awiri ndipo anthu amasokoneza. Chiphaso chosungira mfuti chimachokera kupolisi. Chiphaso chosakira chimachokera ku nthambi ya zanyama. Kukhala ndi chimodzi sikukupatsani chinacho. Yampweyayo kafunseni kupolisi musanatulutse ndalama, musadalire mawu a wogulitsa.

Mbewa za m'munda mwa apongozi anu palibe adzakumangireni. Kungoti munda wa eni mupemphe kaye, ndipo mukatha kukumba kwirirani maenjewo. Milandu yambiri ya mbewa kwa amfumu ndi ya mizere yogumulidwa ndi ng'ombe zothyoka miyendo.

WaKuJoni_Limpopo:
Koma abale, musamuopseze munthu ngati mfuti ndi ufiti. Ine ndimasenda zikopa pafamu ina ya nyama kuno ku Limpopo, ndipo miyezi yozizira, May mpaka August, azibambo amabwera ndi ana awo sabata iliyonse. Amalipira pa nyama iliyonse, nswala mtengo wake, njiri wake, ngoma wake, nyamayo n'kukapanga biltong, nyama yowumitsa. Ndaonapo ana a zaka 12 akugwetsa nswala bwinobwino. Kusiyana kwake n'kwakuti mwanayo sayambira pa nyama. Amayambira pa pepala kumalo ophunzirira kuwombera, mpaka zipolopolo zizigwera pamodzi. Lamulo lawo, Firearms Control Act la 2000, limafuna kuti munthu aphunzire, akhoze mayeso, atenge satifiketi kupolisi, kenako ndiye apemphe laisensi, ndipo kawirikawiri akhale wa zaka 21. Mwana amagwira mfuti mwini laisensi ali pambali pake. Asanakwere galimoto amawanenetsa pamtima: mfuti iliyonse uziitenga kuti ili ndi chipolopolo, mlomo wake usaloze munthu ngakhale mwanthabwala, chala chisakhudze chowombera mpaka utatsimikiza, ndipo udziwe chimene chili kuseri kwa nyamayo.

GaluWamkota:
Mawu omalizawo ndi amene akukutsutsani, achimwene a ku Joni. Kufamu kwanuko kuseri kwa nswala kuli tchire lokhalokha mpaka kumpanda. Ku Dedza kuseri kwa njiwa kuli mayi wosenza nkhuni, kuli mwana woweta mbuzi, kuli denga la munthu.

WaKuJoni_Limpopo:
Pamenepo ndavomera madala. Ndimangoti mfutiyo payokha si tchimo.

Achimwene_aku_Leeds:
Kuno ku England ngakhale kalulu amene akudya mbewu suwombera popanda chilolezo cha mwini malo. Mwana wosakwana zaka 14 sagwira mfuti yampweya pokhapokha pali munthu wa zaka 21 kapena kuposa womuyang'anira, ndipo kusaka nkhandwe ndi agalu kunaletsedwa ndi lamulo la 2004. Ana anga nyama yakutchire amaiona pa TV basi. Mwana wanuyo ali ndi mwayi, musamuchedwetse ndi za mfuti.

AmakeMapasa:
Ine ndilankhule ngati mlimi, poti nonse mukukamba za ulenje ngati kumudzi kulibe anthu ena. Alenje a mbewa ndi amene atisaukitsa. Chaka chatha anyamata anayatsa tchire kumtunda kwa dambo kuti mauna aonekere pa lupsa. Mphepo ya August mukuidziwa. Moto unalumpha msewu, unatha udzu wonse wofolera umene azimayi tinali tisanamwete, unalowa m'nkhalango ya mudzi n'kupsereza mitengo imene tinadzala ndi manja athu, n'kukathera pa khola la nkhunda la agogo ena osaona. Mbewa zimene anapha sizinakwane ndi mipani itatu. Amfumu analamula mbuzi pa banja lililonse la anyamatawo, koma mbuzi sifolera nyumba. Dzinja lija tinagona tikusuntha mphasa.

A BamboWaAtatu, mukanyamuka m'mawa muziwapapasa ana m'matumba. Machesi atsale. Ngakhale alamu anuwo akanena kuti tingofukiza pang'ono mu una, kanani. Alangizi akutiuza kuti mapesi tisamawotche, tiziphimbira nthaka kuti isunge chinyezi, wina n'kubwera kudzayatsa chifukwa cha nkhuli.

Chigayo77:
Mayi, popanda moto mbewa mungaione bwanji m'udzu wofika m'chiuno?

GaluWamkota:
Woyatsa tchire ndi mlenje waulesi. Maso anapatsidwa a chiyani? Amake Mapasa, pepani ndithu, ndipo zimenezo si zachilendo. Moto umaphanso mazira a nkhwali, tiana ta akalulu ndi mbewa zomwezo zimene zikanaswana chaka chamawa.

Ndowa_Ziwiri:
Njira yosavuta kwa munthu wa m'tawuni ndi ndowa. Mumaikwirira m'munda mpaka m'milomo, kuthiramo madzi theka, pamwamba kupingasa waya umene mwaulowetsa m'chitini kuti chizizungulira. Chitinicho mumapaka ufa wa chimanga chokazinga kapena chiponde. Mbewa ikakwera, chitini chimagudubuka, iyo thibu m'madzi. Madzulo mwatchera, m'mawa mukukazonda. Palibe njoka, palibe matuza m'manja. Zina mwa zimene mumagula pa msewu wa M1 zimagwidwa choncho.

GaluWamkota:
Imeneyo ndi geni, si ulenje. Ndowa imagwira chilichonse, swiswiri amene sitidya, achule, tiana tosayenera kuphedwa, ndipo zimafa pang'onopang'ono usiku wonse. Mwana waphunzirapo chiyani, kutunga madzi? Ngati mukufuna msampha, aphunzire diwa. Mwala wophwatalala, kamtengo kochirikiza, kaluzi, nyambo ya chimanga chokazinga. Kulitchera kuti liime koma ligwe mbewa ikangokhudza, pamenepo mwana amatha masana onse akuyesa, ndipo likagwa nkhani imathera pomwepo. Wa zaka 6 yekhayo asayandikize zala.

Ndowa_Ziwiri:
Geni yomweyo ndi imene inandilipirira fizi ya fomu 3, madala.

GaluWamkota:
Sindinanyoze fizi, mwana wanga. Bamboyu sakufuna fizi, akufuna ana ake adziwe tchire.

Che_Mpondasi:
Ine ndikungowerenga ndili kukamwa yasa. Anthu ophunzira, mafoni odula, mukukangana za makoswe? Bwerani nawo anawo kuno ku Mangochi tiwapatse mbedza adye chambo ngati anthu.

Kapuku_Wonona:
Yayambika. Che Mpondasi, khoswe ndi wa m'nyumba, amadya sopo ndi nsanza, ameneyo ngakhale ife sitimuyang'ana. Mbewa imadya mtedza ndi chimanga cha m'munda, ndi yaukhondo kuposa nkhuku yanu yoyenda kudzala.

Che_Mpondasi:
Mchira ndi womwewo, ndevu ndi zomwezo. Ife chipembedzo sichilola, ndiye ndiwo zanuzo idyani nokha. Koma kunena zoona, zimene anena madala a ku Mchinji n'zimenenso timachita kunyanja. Mwana sayambira pa bwato la usiku. Amayambira m'mphepete ndi kambedza, wamkulu ali pomwepo akuyang'ana ng'ona.

Mlongo_waKuNtcheu:
Poti mwatchula za pamsewu, ine ndinasiya kugula kwa anthu osawadziwa. Ena amathira tameki m'gaga n'kumwaza m'munda, m'mawa n'kumangotola. Poizoni yemweyo amapha agalu, nkhanga ndi akadzidzi amene adya mbewazo, ndipo munthu ukudya osadziwa. Chifukwa china chophunzitsira ana kukumba okha n'chimenecho, umadziwa chimene chapha ndiwo yako.

Namwino_waUsiku:
Tameki asayandikire ana ngakhale pang'ono. Timbewu tochepa kwambiri timapha munthu wamkulu.

BamboWaAtatu:
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Mfuti ndaisiya. Koma palibe wanenapo za mtsikana. Iyeyo ndiye akufunitsitsa kuposa mchimwene wake, koma ndikuopa kuti kumudzi akandiona ngati wosokoneza mwambo.

Chigayo77:
Mtsikana atsale azisinja ndi agogo ake. Kutchire ndi kwa amuna, kuyambira kale.

NaBanda_waKuMitundu:
Kuyambira kale liti, a Chigayo? Ine ndinakula pakati pa alongo anga anayi ndipo pa mbuli ndinkaima ndine, chifukwa anyamata amatengeka, onse amafuna khasu, palibe wofuna kudikira. Zimene zinkatuluka kwa ine sizinkapulumuka. Ndipo ngumbi amatchera ndani pachulu usiku? Ziwala ndi bwanoni amagwira ndani m'mamawa mame asanaume? Si ife? Azimayi akamakolola mtedza n'kuona una, mukuganiza amakaitana amuna awo? Khasu lili m'manja kale.

A BamboWaAtatu, chitani izi. Musakalengeze. Auzeni agogo ake aakazi mwaulemu kuti mdzukulu wanu akufuna kutiperekeza kumunda. Akavomera agogo palibe wina angatsegule pakamwa, poti mudziwo ndi wawo, inu ndinu mkamwini chabe. Mumuveke thalauza mkati, chitenje pamwamba.

GaluWamkota:
Zimene akunena a Chigayo ndi za uzimba, ndipo uzimba unali wina. Mudzi wonse wa amuna, mikondo, mauta, zibonga, agalu, kuzinga tchire lonse. Unali ndi miyambo yake, otsala kunyumba ankadika, woyamba kulasa ndiye mwini nyama ngakhale aimalize ndi wina, ndipo amfumu ankalandira gawo lawo. Kumeneko ngakhale mnyamata wa zaka 12 sankaloledwa kutsogolo. Koma uzimba unatha pamodzi ndi tchire lake. Lero mukazinga mupha chiyani, mbuzi za eni? Za m'munda mtsikana apite.

Aphunzitsi_aSayansi:
Ndikhala ndekha wotsutsa, palibe kanthu. N'chifukwa chiyani mwana wa masiku ano aphunzire kupha? Kusukulu kwathu tili ndi kalabu ya zachilengedwe, ya bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la WESM, ndipo ntchito yaikulu imene ndimagwira ndi kulanda malegeni. Anyamata amapha chilichonse chouluka, pumbwa, timba, namzeze, ngakhale kadzidzi amene amatithandiza kudya makoswe, osati chifukwa cha njala koma kuyesa dzanja. Ndili ndi mwana m'kalasi amene diso limodzi linafa ndi mwala wa mnzake. Tikumbuke kuti Majete pofika m'ma 1990 inali itatsala ndi nyama zochepa kwambiri. Zinatengera bungwe losamalira mapaki la African Parks, kuyambira 2003, kubweretsa zipembere, kenako njovu, mikango mu 2012, zonse pa malole ndi ndege. Ku Liwonde kuyambira 2015 achotsa misampha ya waya masauzande ambirimbiri. Otchera mawayawo anayambira penapake, ndipo ndikukhulupirira anayambira pa legeni. Bwanji osapita nawo anawo ku Liwonde akaone njovu yamoyo, kapena ku Lilongwe Wildlife Centre komwe kuli pafupi ndi kwanu?

Mlonda_waThengo:
Aphunzitsi, theka ndikugwirizana nanu. Khwekhwe la waya ndi chinthu choipa kuposa mfuti. Silisankha, limagwira mkango, galu, chitamba cha njovu, ndipo wotchera akaiwala pamene anatchera nyama imawolera pomwepo. Mwana asaphunzitsidwe waya, ngakhale wa kalulu. Koma theka linalo ayi. Anzanga amene ankatha kulondola mapazi pa nthaka youma gwa, amene ankadziwa kuti apa padutsa anthu atatu usiku ndipo mmodzi wasenza katundu, onse anali ana okumba mbewa ndi oweta ng'ombe. Palibe anaphunzira zimenezo m'kalasi. Mwana wosadziwa tchire salikonda, amangoliopa kapena kulijambula. Chofunika ndi malire, ndipo malirewo aikidwe ndi wamkulu tsiku loyamba: timapha chokhacho chimene tidye, yaikazi yoyamwitsa ndi tiana timazisiya, mbalame ya pachisa sitiigenda, zikakwana ndiwo za lero timabwerera.

WaKuChipata:
Kuno kwathu ku Zambia nkhani yomweyo. Kuchigwa cha Luangwa kuli madera ozungulira paki, monga Lupande, kumene kusaka kumaloledwa ndi laisensi ya boma, nyama zowerengeka pa chaka. Koma munthu wamba ndalama zake sangazikwanitse, ndiye ambiri ankalowa mozemba ndi mfuti za gogodera. A bungwe la COMACO anayamba mu 2003 kuwauza kuti perekani mfuti ndi mawaya, tikuphunzitseni ulimi ndi njuchi, tizikugulani mtedza, mpunga ndi uchi. Madala ambiri amene anali akatswiri a gogodera lero ndi alimi. Koma mbewa sitinasiye, ku Katete ndi ku Petauke mipani ili mbwee pamsewu. Chimodzi chokha ndichenjeze: nyama yofa yokha, makamaka mvuu, musadye ngakhale aigawe ulere. Nthenda ya ziweto ndi nyama yotchedwa anthrax inadwalitsa anthu ambiri ku Chama mu 2011 chifukwa cha nyama ya mvuu.

Aphunzitsi_aSayansi:
A Mlonda, malirewo ngati bambo ali pomwepo ndavomera. Vuto langa ndi ana ongotayiriridwa. Koma legeni ndikanabe.

Kachulu_Boy:
Aphunzitsi bwerani ku Chilwa muone. Kuno mbalame za m'madzi ndi ndiwo komanso ndalama, makamaka nyanja ikaphwa ngati mu 1995 ndi 2018, matemba atasowa. Nyanjayi ili pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, kuyambira 1997, ndipo osaka mbalame anapanga magulu awo, anapatula malo oswanirana kumene munthu satchera, ndi miyezi yoti mbalame zipume. Si onse amamvera, koma mwana wolowa ntchitoyi kudzera kwa akulu amadziwa kuti kuli nyengo yotseka. Wodziyambira yekha ndi amene amatola ndi mazira omwe.

Chigayo77:
Nanga akalulu aja mwanayo akufuna mwawaiwala? Kalulu ndi agalu basi. Ine galu wanga wina anagwira akalulu asanu tsiku limodzi.

Kapuku_Wonona:
Ulenje usimba wako, a Chigayo, koma asanuwo achepetseniko pang'ono.

GaluWamkota:
Za agalu chaka chino ayi. Galu wosaka amamvera mwini wake yekha, ndipo agalu akadzutsa kalulu aliyense amathamanga osayang'ana pansi, zibonga zikuuluka. Pamenepo ndi pamene ana amavulala, ndi chibonga cha mnzawo kapena chitsa. Wamkuluyo ngati alamu anu ali ndi agalu akhoza kutsatira pambuyo, manja opanda kanthu, aone mmene galu amanunkhizira ndi mmene kalulu amakhotera. Kuponya chaka chamawa.

Namwino_waUsiku:
Ndipo funsani ngati agaluwo anabayidwa katemera wa chiwewe. Galu akaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuona ngati galuyo apenga. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika.

AmakeMapasa:
Za wamng'ono uja palibe wayankha. Zaka 6 dzuwa la kumunda salimba nalo, pofika 9 koloko ayamba kulira njala ndi minga. Mutengeni ulendo waufupi wa kumunda wa pafupi, ntchito yake ikhale kunyamula kathumba ndi botolo la madzi, aime kumbuyo kwa wokumba osati kutsogolo kwa khasu. Ndipo konzekani, mmodzi mwa atatuwo akhoza kulira akaona mbewa ikuphedwa, mwina wamkulu yemweyo amene akuvutayo. Musamuseke, ndipo muwaletse asuweni ake kumuseka. Mapasa anga mmodzi amakumba, mnzake mpaka lero amangodya.

BamboWaAtatu:
Ndawaimbira alamu usiku wathawu. Aseka mpaka foni kugwa, kenako avomera, ati ndiwatengere majombo saizi 8 ndi mabatire a tochi. Ati tiyambira m'munda wa mtedza wa apongozi, kuseri kwa dimba. Agogo avomera za mtsikana, ati nawonso ankakumba. Tsopano vuto latsopano: mayi a kunyumba, omwe kwawo ndi komweko, akuti mbewa sizilowa m'mapoto awo amene tikupita nawo. Ndipo ineyo kuphika kwake sindikudziwa.

Che_Mpondasi:
Alamu athuwo, mayi a kunyumba kwanu, ndi munthu wanzeru. Apatseni moni.

NaBanda_waKuMitundu:
Mapoto a m'tawuni asiyeni, agogo ali ndi mphika wake wa zimenezi, mudzi uliwonse ulipo. Mukabwera nazo tumbulani tsiku lomwelo zisanatupe, kang'ambeni pang'ono pamimba n'kufinya matumbo onse atuluke. Ana achite okha, wakupha ndiye wotumbula. Tsukani, ikani mumphika, madzi ongokwanira kumiza, mchere wambiri ndithu. Ziwire mpaka madzi aphwe, musafulumire, zipse mpaka mkati. Kenako yanikani padzuwa pa thandala kapena muziwambe pamoto wa makala ofatsa, zitapanidwa pa kansungwi kong'alula. Ena amayamba awaula ubweya, ife a ku Mitundu timadya ndi ubweya womwe. Zouma bwino zimakhala masiku osawonongeka, ndipo mukafuna ndiwo mumangotenthetsa ndi tomato pang'ono. Kapuku muphike payekha, mafuta ake amakwanira okha. Wamng'onoyo mumuchotsere mutu, mano a mbewa ndi akuthwa.

Kapuku_Wonona:
Michira musadule achimwene, ndi pogwirira.